Mkamwini Amene Ndinamuonera Kutali

Ine ndine mkulu wa mpingo. Ndinapuma ntchito ya ukapitawo ku esiteti ya tiyi, ndipo m'mudzi mwathu, m'munsi mwa phiri la Chambe, ndine wapampando wa komiti ya madzi. Maudindo onsewa ndawatchula dala, kuti muone kutalika kwa pamene ndinagwa tsiku limene ndinayenera kulandira mkamwini ngati munthu wamkulu, koma ndinamulandira maondo ali m'matope.

Achemwali anga ali ndi mwana mmodzi yekha, Rozina, amene amagwira ntchito m'sitolo ina ya nsalu ku Limbe. Bambo ake anamwalira iye akadali ku pulayimale, ndiye nkhani zake zonse zimagwera ine malume wake. Chaka china m'nyengo yozizira anandiimbira foni kuti wapeza mwamuna, dzina lake Maliko, ndipo akufuna kuti adzaonekere kwathu Loweruka. Nditafunsa za ntchito, anati ndi wosewera basiketibolo m'timu ya kampani ina ku Blantyre, amalandira malipiro pakutha pa mwezi ngati wina aliyense, moti mpirawo unamufikitsapo ku Zambia ndi ku Mozambique.

Basiketibolo ndinali nditaionerapo pa kanema ku golosale ina pa Chitakale. Anthu ake anali ngati mitengo ya bulugama yovala makabudula. Ndiye ine sindinachedwe, ndinayamba kulengeza. Kutchalitchi, kuchigayo, kumaliro, paliponse ndinkauza anthu kuti mbumba yanga ikulandira mkamwini wothyola mapapaya ataima chilili, wopanda nsungwi. Ndinafika poitana mmisiri kuti achotse mizere iwiri ya njerwa pamwamba pa khomo la achemwali, n'kukhomerera thabwa pachitseko kuti chitalike (ulemu wa mlendo umayambira pamphumi pake, ndimo mmene ndinkaganizira). Rozina atamva anandiimbiranso. Anati chitsekocho ndichisiye mmene chinalili, kenako anaseka kaseke kena kamene sindinakamvetse. Ine ndinangoti ndi manyazi a mbeta.

Rozina anafika Lachisanu madzulo kudzathandiza amayi ake. Mnyamatayo anati akagona kunyumba yogona alendo ku boma, ndipo atipeza masana a Loweruka.

Loweruka m'mawa tinadzuka mipopi yonse ili gwa, yopanda ndi dontho lomwe. Madzi athu amachokera m'phiri. Paipi imayambira pa kadamu kakang'ono kumtunda kwa mtsinje, ndipo masamba akatseka sefa ya pamenepo, mudzi wonse umakhala ndi ludzu. Achemwali anandipeza ndisanasukusule n'komwe, nandifunsa ngati mlendo wanga wamtaliyo adzasambe m'manja ndi malovu. Anyamata amene amakwera kukatsegula sefa anali atalawirira ku maganyu. Ndinavala jombo, n'kutenga chikwanje ndi kawaya, ulendo wa kumtunda ndekha.

Kunja kunali chiperoni. Inu amene simunakhalepo ku Mulanje mwina mumaganiza kuti chiperoni ndi kuzizira chabe. Ayi ndithu. Chifunga chimatsika m'phiri n'kumeza chilichonse, moti phiri lalikulu lija limangosowa ngati wina walinyamula. Kamvula ka mawawa kamangokunyambita kumaso. Phokoso limafa. Tambala wa pakhomo pako amamveka ngati akulira kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, ku Mozambique.

Apa ndiyenera kufotokoza kanthu kena. Ife tonse obadwira m'mphepete mwa phirili tinakula tikudziwa kuti m'mwambamo muli eni ake. Amati ndi anthu afupiafupi amene ankakhala kuno makolo athu asanabwere, ndipo mizimu yawo sinachokemo. Amati nthawi zina umamva ng'oma kumene kulibe mudzi. Ndipo ukakumana ndi mmodzi, amakufunsa kuti wamuonera pati. Ukayankha kuti wamuonera pompano, ndiye kuti wamunyoza kuti ndi wamfupi, ndipo kwanu akakupeza pa chithunzi chokha. Yankho lake n'lakuti wamuonera kutali, kutsidya uko, chifukwa ndi wamkulu zedi. Ine zimenezi ndinali nditazidzudzulapo paguwa kangapo konse, mpaka kumenya Baibulo ndi chikhatho.

Ndinadutsa minda yomaliza ya nanazi n'kulowa m'kanjira kotsata paipi. M'mitengo munali zii. Mbalame zimene zimasokosa m'mawa sizinali kulira, ndipo mtsinje, umene nthawi zonse umamvekera patali, unkamveka ngati wina wauvundikira ndi bulangeti. Ndinayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi, koma mawu anga anandibwerera mofooka, ndiye ndinasiya.

Apa m'pamene ndinamva. Du. Du. Du. Osati mofulumira, koma mwapang'onopang'ono, ngati munthu amene sakuthamangira kulikonse. Ndinaima, nako kulirako kunaleka. Ndinadziuza kuti ndi paipi ikugunda chifukwa cha mpweya, pakuti paipi yopanda madzi imatero. Ndinagwira paipi ndi dzanja. Inali yozizira, yosagwedezeka ndi pang'ono pomwe. Nditayambanso kuyenda, kulira kuja kunayambanso, tsopano kutsogolo kwanga.

Pali thanthwe lina lafulati limene njirayo imalizungulira usanafike pa kadamu. Nditatulukira pamenepo, chifunga chinapepuka pang'ono, ndipo ndinaona munthu ataima pathanthwepo. Anali wamfupi, wondifika mwina pachifuwa (ndipo ine si wamtali), koma sanali mwana. Mapewa ake anali otambalala, manja ataliatali, thupi lonse lotuwa ngati chifunga chomwecho. Nkhope sindinaione bwino. Chimene ndinaona bwino ndi dzanja lake lamanja, limene linkakwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, ngati akusisita mutu wa kamwana kosaoneka. Likatsika dzanjalo, thanthwe limati du.

Maulaliki anga onse anathawira m'jombo. Sindinadikire n'komwe kuti andifunse. Ndinaponya chikwanje pansi, n'kugwada, n'kukuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo: "Ndakuonerani kutali, akuluakulu! Ndakuonerani ndili kumunsi uko, ndisanawoloke mtsinje!"

Dzanja lija linaima m'malere. Mutu wake unapendekeka pang'ono, monga amachitira munthu amene akuganiza ngati akukhulupirire kapena ayi. Kenako chifunga chinatseka, ndipo nditaphethira, pathanthwe panalibe kanthu. Kulira kuja ndinakumvanso, koma kukukwera kumtunda, kumene kulibe njira.

Mmene ndinatsikira sindikumbukira bwino. Ndikudziwa kuti jombo imodzi inatsala m'phiri, komanso kuti mbali ina ndinatsika ndi matako. Nditatulukira m'mudzi, chinthu choyamba chimene ndinamva ndi madzi akukhuthukira m'zidebe. Mipopi yonse inali ikutuluka mwamphamvu. Amayi a pampopi anayamba kundithokoza kuti ndagwira ntchito mwachangu, ndipo apa munthu wanzeru akanangoti zikomo n'kupita kukasamba. Ine ndinawauza kuti pa sefa sindinafikepo. Ndinawauzanso chifukwa chake, zonse, kuyambira ng'oma mpaka dzanja lija, ndikuonetsa ndi dzanja langa mmene linkachitira.

Mayi wina anakhuthulira pansi madzi amene anali atatunga kale. Pofika nthawi ya chakudya chamasana, nkhani inali itazungulira mudzi, ndipo aliyense ankati ngati waziona ndi mkulu wa mpingo amene amazitsutsa, ndiye kuti n'zoona. Achemwali anga, amene amatsogolera amayi anzawo m'mapemphero a Lachinayi, ndinawapeza akutseka mawindo masanasana.

Chifunga sichinachoke tsiku lonse. Komabe anthu anabwera pabwalo la achemwali, chifukwa ndinali nditawalonjeza chimphona. Ndinavala jekete yanga ya Mgonero ndi kukhala pampando wa ndalema pakati pawo. Rozina anapita kumsewu kukamuchingamira.

Tinamva belu la kabaza, kenako mapazi. Tonse tinakweza maso kuyang'ana m'mwamba, pamene tinkayembekezera kuti mutu utulukire. Munalibe kanthu, chifunga chokhachokha. Tinatsitsa maso n'kuona Rozina. Tinatsitsanso, ndipo pambali pake, kumapeto kwa bwalo, panaima munthu wamfupi womufika Rozina paphewa, wa mapewa otambalala ndi manja ataliatali, atavala suti yotuwa. Ankatiyang'ana, ife tikumuyang'ana. Kenako dzanja lake lamanja linayamba kukwera ndi kutsika.

Abale anga, sindinaganize. Mpando unagwa chagada, ine ndili kale pansi, maondo m'matope, jekete ya Mgonero ndi zonse.

"Ndi omwewa," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mbuzi yomangidwa pakhosi. "Anditsatira. Ndinakuonerani kutali, akuluakulu, ndinanena kale m'mawa muja."

Bwalo linayera nthawi yomweyo. Amayi ananyamula ana, ena kunyamula ana a eni. Mkulu wina amene amayendera ndodo anafika kwawo ndodo itatsala pansi pa mtengo wa mango. Achemwali anamugwira Rozina pamkono, kumukokera m'nyumba, n'kukhoma chitseko changa chachitali chija ndi mpiringidzo. Pabwalo tinatsala awiri, ine wogwada ndi mlendo woimirira, mitu yathu ili pafupifupi mulingo umodzi.

M'nyumbamo ndinamva Rozina akulira, akuuza amayi ake kuti uyu ndi Maliko, wa ku Ndirande, amene akhala akudziwana zaka ndithu, ndipo amayi a mnyamatayo amagulitsa makala. Achemwali sanafune kumva. Anati tsopano azindikira chifukwa chake mipopi inatseguka yokha: eni phiri atipatsa madzi kuti atenge mwana. Anati anaika kale mwamuna m'manda, sangaperekenso mwana wawo mmodzi yekhayo kuti akasowere m'chifunga. Mawu amenewo anandilasa, chifukwa achemwali anga ndimawadziwa. Akanena chinthu akulira, sachibweza.

Mlendo uja anayetsemula. Anayetsemulanso, n'kutulutsa kansalu m'thumba. Apa m'pamene mphuno zanga zinayamba kugwira ntchito, ndipo ndinamva fungo la polishi wa nsapato ndi la sipiriti ya kometera. Ndinaona kuti akunjenjemera ndi kuzizira. M'nkhani zonse zimene ndinamva ndili mwana, panalibe ndi imodzi yomwe ya mzimu wa chimfine.

"Amalume, dzukani, mukuipitsa thalauzi," anatero mwaulemu, n'kundigwira mkono.

Dzanja lake linali lofunda, ndipo linandinyamula ngati thumba la madeya. Anaimika mpando, kundikhazika, iye n'kunjuta pansi monga amachitira mkamwini. Anapepesa chifukwa cha dzanja lija. Anati akachita mantha limayamba lokha, ngati likugunditsa mpira pansi, ndipo wakhala akuchita mantha sabata yonse poganiza zokumana ndi ine.

Kenako anandifotokozera za moyo wake, mosadandaula, ngati munthu amene wazinena kambirimbiri. Anati ali kusekondale, aphunzitsi a masewera anamupatsa ntchito yonyamula madzi a osewera. Iye ankatsalira anzake akaweruka, n'kumagunditsa mpira pasimenti mpaka dzanja linaphunzira kuyenda lokha. Atapita kukayesedwa kutimu ya kampani, alonda a pageti anamubweza, amati ana saloledwa. Kochi anamutenga tsiku limene anatopa kumuthamangitsa, atamuika m'bwalo kuti achite manyazi asiye, koma zimphona za m'timumo zinalephera kumulanda mpira chifukwa kuti ziufikire zinkayenera kuwerama ngati zikubzala mbatata.

"Anditchulapo mayina ambiri chifukwa cha msinkhuwu," anatero, akuyang'ana chitseko chokhoma chija. "Koma kundigwadira, mwayamba ndinu. Ine Rozina ndimamukonda, amalume. Mundiuze chochita."

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Ndinayamba kulumikiza zinthu m'mutu. Munthu wagona ku boma, pafupi pomwepa. Ndi wamasewera. Ndinamufunsa ngati amathamanga m'mawa. Anati tsiku lililonse. Ndinamufunsa ngati amathamanga ndi mpira, ngakhale pokwera mtunda. Anati kochi wawo amawalamula zimenezo kawirikawiri. Ndinamenya ntchafu. Ndinamuuza kuti ndiye anali iyeyo pathanthwe paja, ndipo suti yotuwayi ikufanana ndi zimene ndinaona. Anatsegula pakamwa, anayang'ananso chitseko, n'kutseka pakamwa paja. Ine ndinati basi, wavomera.

Ndinapita pachitseko n'kuwafotokozera achemwali kuti cholakwa n'changa, chimene ndinaona m'phiri ndi mnyamata yemweyu akuchita masewera ake a m'mawa. Anayankhira m'kati momwemo.

"Achimwene, mwaopseza mudzi wonse ndi pakamwa panupo. Ngati zili zoona, aitaneni onse abwerere, munene mokweza kuti munagwadira mwana wa eni ake ndi mpira wake. Mukapanda kutero, ukwati palibe."

Ndinayang'ana jekete yanga yamatope. Ndinaganiza za guwa, ndi za anthu amene ndinawadzudzulapo ndi kuwatchula mayina. Kenako ndinamva Rozina akufwenthera kuseri kwa chitseko, mwana amene ndinamunyamula pamapewa tsiku loika bambo ake. Ndinayenda khomo ndi khomo ndekha kuwaitana.

Anabwera mozemba, ena ataima patali pokonzeka kuthawanso. Ndinaimirira pakati pa bwalo n'kunena zonse: kuti ng'oma inali mpira, kuti mzimu unali mkamwini, kuti ine mkulu wa mpingo ndinataya chikwanje ndi jombo pothawa munthu wa ku Ndirande. Wina anafunsa za mipopi, ndipo ndinati masamba amatha kukokoloka okha (zimachitika ndithu, ngakhale si kawirikawiri). Woyamba kuseka anali mkulu wa ndodo uja. Kenako bwalo lonse linaphulika, ena mpaka kukhala pansi. Chitseko chinatseguka. Rozina anaonetsa amayi ake kanema wa pafoni, kamunthu kakudutsa m'khwapa mwa zimphona n'kuponya mpira m'nkhata yopachikidwa m'mwamba, ndipo achemwali anauonera mobwerezabwereza, kenako anapita kukatenga madzi oti mlendo asambe m'manja. Maliko analowa pakhomo langa lalitali lija popanda ngakhale tsitsi kuyandikira thabwa.

Ukwati unachitika chaka chomwecho, mvula isanagwe. Patapita miyezi, Maliko ananditumizira ya minibasi kuti ndikaonere timu yake ikusewera ku Blantyre. Nditangolowa m'holo muja n'kumva mipira ikugunda pansi, tsitsi linandiimirira, koma ndinadzilimbitsa. Mnyamatayo amasewera, abale. Anthu ankaimba dzina lake, ndipo ine ndinauza aliyense woyandikana nane kuti ndi mkamwini wanga.

Masewera atatha tinakhala panja, tikudya tchipisi, Rozina atapita kukagula zakumwa. Mtima uli m'malo, ndinamugunda paphewa n'kumuuza moseka kuti tsiku lina adzandiperekeze kuthanthwe kuja tikafune jombo yanga, popeza njira akuidziwa. Anasiya kutafuna. Anayang'ana kumene kunapita Rozina, n'kutsitsa mawu.

"Amalume, ndakhala ndikufuna kukuuzani. M'mawa umene uja sindinathamange. Ndinali pamzere wa ometa ku boma, kenako ndinkasita suti. Mpira sindinabwere nawo n'komwe. Phiri lanu lija sindinapondemo chibadwire, ndimaliopa."

Ndinamufunsa chifukwa chake anavomera. Anati sanavomere, anangokhala chete, chifukwa anaona kuti njira yolowera m'nyumba ija inali imodzi yokha, ndipo ndinali nditamutsegulira ndine. Anati Rozina sadziwa, ndipo anandipempha kuti asadziwe. Tchipisi chinandizizirira m'kamwa. Rozina atabwera anafunsa ngati ndadwala, ine ndinati ndi utsi wa galimoto.

Lero Rozina ali ndi mwana wamwamuna, ndipo achemwali amamubereka kumbuyo monyadira mudzi wonse. Mkamwini wawo amamukonda kuposa mmene amandikondera ine. Ndikanati ndiwauze zimene ndinamva ku Blantyre, ndikudziwa kuti sakanagonanso tulo, ndipo akanayamba kumuyang'anitsitsa mwanayo ngati akukula kapena ayi. Choncho phunziro limene ndinatolapo ndi lochedwa komanso lowawa: ndinaphunzira kutseka pakamwa nditatsala ndi chinthu chimodzi chokha chimene chikanandichotsera manyazi.

Ndiye pamaliro kapena paukwati, nkhani zikatha, wina amayamba ya mkulu wa mpingo amene anagwadira mpira. Achemwali ndi amene amaikometsa kwambiri, mpaka kugwada kuonetsa mmene ndinachitira. Anthu amaseka mpaka misozi, ndipo ine ndimaseka mokweza kuposa onse. Ndimangoonetsetsa kuti ndakhala mofulatira phiri.